Galimoto yakale ya 4x4 inganyamule ndi kukoka zochuluka bwanji?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Ali ndi Land Rover Defender 110 ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo buku lake limanena kuti imakoka ngolo yolemera makilogalamu 3,500. Akufuna kugula ngolo yoti ikadzaza izilemera 2,500, aziikoka banja lake la anthu asanu lili m'galimotomo. Funso lake ndi lakuti: "Poti pakutsala 1,000 yathunthu, palibe chodetsa nkhawa, si choncho?"

Zikomo bambo polemba. Musagule kaye ngoloyo. Nambala ya 3,500 ndi yoona, Defender idalembedwadi choncho pa ngolo yokhala ndi mabuleki akeake, koma si nambala imene idzayambe kukutherani. Imene imatha msanga ndi ya katundu amene galimotoyo imasenza payokha.

Fufuzani kachitsulo kamene opanga galimoto adakhomerera m'mbali mwa chitseko, pafupi ndi mpando kapena mkati mwa boneti. Pamenepo pali nambala ya kulemera konse kumene galimoto ikuloledwa kufika, imene amaitcha GVM, komanso malire a axle (chitsulo cholumikiza tayala lakumanja ndi lakumanzere) yakutsogolo ndi yakumbuyo. Ma Defender 110 ambiri GVM yawo ndi 3,050. Mukachotsapo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, zotsalazo ndiye zimene munganyamule. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza, chifukwa amawerengera kulemera kwa m'buku, kwa tsiku limene galimoto inkatuluka ku fakitale. Galimoto ya zaka 30 yadutsa m'manja ambiri. Wina adaikapo bull bar (zitsulo zotchinga kutsogolo), wina winch (makina okokera ndi chingwe), wina kaliyala wa padenga, batire yachiwiri, thanki yaikulu, matayala akuluakulu. Zonsezo zidadya kale gawo la katundu wanu inu musanalowemo.

Ndiye dzazani thanki, pitani ndi galimotoyo pa sikelo ya magalimoto. Tiyerekeze kuti sikelo yanena 2,300. Mwatsala ndi 750. Anthu asanu, aliyense tingomuika pa 75, ndi 375. Mwatsala ndi 375 inanso. Tsopano ngolo ija: sikuti imangotsatira m'mbuyo ayi, imapsinjanso tow bar, chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto chokolekapo ngolo. Kuti ngolo iziyenda mowongoka, kupsinjako kumayenera kukhala pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya kulemera kwake, choncho ngolo ya 2,500 ikhoza kuika makilogalamu 250 pa galimoto yanu, ndipo amenewa amawerengedwa ngati katundu wa galimoto. Kwatsala 125 basi. Zigubu ziwiri za madzi za malita 20 ndi makilogalamu 40, osawerengera zigubuzo. Dizilo wa m'zigubu amapepukirako pang'ono, lita imodzi ndi makilogalamu pafupifupi 0.84. Onjezani zikwama, bokosi la masipanala ndi jeke, muona kuti mwadutsa malire ngolo isanafike n'komwe pafupi ndi 3,500 ija.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi axle yakumbuyo. Tow bar ili kumbuyo kwa matayala, motero imagwira ntchito ngati chitsulo chotukulira mwala: mukapsinja kumapeto, matayala akumbuyo amalandira zoposa zimene mwaikazo, akutsogolo n'kupepukidwa. Pa 110, mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi pafupifupi mamita 2.8. Ngati tow bar yatuluka mamita 1.2 kuchokera pa axle, makilogalamu 250 aja amasanduka pafupifupi 350 pa axle yakumbuyo, kutsogolo n'kuchoka 100. Matayala akutsogolowo ndi amene amawongola galimoto, ndiponso ndi amene amagwira kwambiri mukaponda buleki. Akapepukidwa, chiwongolero chimamveka chofewa modabwitsa, magetsi amaunika m'mwamba, ndipo pakagwa mvula galimoto imafuna kupitirira pa kona. N'chifukwa chake pa sikelo paja muyeze axle iliyonse payokha, ngolo ili yomangirira, anthu onse ali m'katimo.

Tow bar nayonso ili ndi malire ake, olembedwa pa tow bar pomwepo, ndipo pakati pa nambala yake ndi ya galimoto, yotsika ndi imene imalamula. Ngati ndi yowotcherera pamanja yopanda chilembo chilichonse, ine sindingaikokere ngolo yotere. Ngolo yopanda mabuleki, m'maiko ambiri malire ake ndi 750, ngakhale galimoto ikhale yamphamvu chotani. Pa magalimoto ena onaninso GCM, yomwe ndi malire a kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi, poti nthawi zina imachepa kuposa mukaphatikiza GVM ndi malire a ngolo aja.

Mwina makaniko akuuzani kuti muike masipuling'i olimba vuto lithe. Galimoto idzaima mowongoka, inde, maso adzakhutira. Koma masipuling'i sakulitsa mabuleki, salimbitsa ma bearing, ndipo sasintha GVM yolembedwa pa kachitsulo kaja. Amangobisa chizindikiro chimene chikadakuchenjezani.

Ukalamba nawo uli ndi mbali yake. Nambala zonse zija zidalembedwera galimoto yatsopano. Pa Defender yakale, chitsulo chopingasa cha kumapeto kwa chesisi chimadziwika ndi dzimbiri, ndipo tow bar imamangidwa pomwepo. Lowani pansi ndi tochi ndi kahamala, gogodani, mverani. Chitsulo chabwino chimalira mokoma, chodyeka chimangoti phu. Utoto watsopano pamalo amenewo usakusangalatseni msanga. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pakapita zaka, ndipo pa mtsetse wautali akhoza kuwira, buleki n'kulowa mpaka pansi osagwira. Asintheni ngati padutsa zaka ziwiri. Radiator yotsekeka theka siidandaula galimoto ikamayenda yokha, imadzaonekera pa chitunda ngolo ili kumbuyo. Pa tayala lililonse pali nambala ya katundu: 110 ndi makilogalamu 1,060, 120 ndi 1,400, ndipo zimenezo ndi pa tayala lopopedwa mokwanira, osati lophwa kapena long'aluka m'mbali.

Pa nkhani yanuyi bambo, ine ndikadasankha ngolo yocheperako, yoti ikadzaza izilemera pakati pa 1,500 ndi 1,800, ya mabuleki ogwira bwino, ndi kuchotsa padenga chilichonse cholemera. Popakira, katundu wolemera akhale pansi, pamwamba pa axle ya ngolo kapena patsogolo pake pang'ono. Mukamuika kumapeto kuti tow bar ipepukidwe, ngolo imayamba kudzandira uku ndi uku liwiro likakwera. Ikayamba zimenezo musaponde buleki mwamphamvu, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, chiwongolero chili chowongoka. Potsetsereka lowetsani giya yotsika musanayambe mtsetsewo. Ponyamuka pa chitunda chokwera kwambiri gwiritsani ntchito low range (magiya otsika kwambiri a 4x4) kuti musawotche kilatchi, koma diff lock (imene imachititsa axle yakutsogolo ndi yakumbuyo kuzungulira mofanana) musaitseke pa phula. Mukayeza pa sikelo, nditumizireni nambala za ma axle onse awiri tiwerengere limodzi.