Mayi a ku Mbayani, pulopozoyo iyambe yadikira

Mayi wina wa ku Mbayani wandilembera imelo. Akuti ngalande ya kuseri kwawo yadzaza zinyalala, mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba, ndiye ndiwathandize kulemba pulopozo yopempha ndalama ku mabungwe. Mayi, mwanditokosa pachilonda.

Komwe ndinkachita lendi kale kunabwera bungwe lina ndi galimoto zoyera. Anatimangira malo otayirapo zinyalala a njerwa zowotcha, nkudzikapo chikwangwani chachikulu kuposa khomo lake. Tinasankha komiti. Msonkhano uliwonse unkatha ndi kusainira alawansi, moti ngakhale malandilodi okhala kumayadi, omwe tinkangowaona pakutha pa mwezi, ankafika mofulumira nkukhala mipando ya kutsogolo. Pulojekiti itatha, wilibala ya pulojekitiyo tinkaiona ikututa mchenga kwa a tcheyamani, mafosholo anangosowa, ndipo ukati tiyeni tikatape ngalande, anyamata ankayamba afunsa kuti, "Kuli zingati?" Anthu omwewa kale ankakumba manda ndi kusonkha ufa pamaliro popanda wowalipira. Alawansi ndiyo inawononga, ndipo pamenepa sindisintha maganizo.

Taonani zomwe anachita amayi a ku Mtandire ku Lilongwe. Mu 2003 anayamba timagulu tosunga ndalama, aliyense kuponya kangachepe komwe wapeza pa geni. M'menemo munatuluka Malawi Homeless People's Federation, mgwirizano wa anthu osowa pokhala, wogwira ntchito ndi CCODE, bungwe lomwe si la boma lothandiza anthu osauka, komanso thumba la ngongole la Mchenga. Atapita kukhonsolo sanapite chimanjamanja: anali ndi mabuku a ndalama ndi mayina a mabanja osowa pokhala. Anapatsidwa malo ku Area 49, a ku Blantyre anapatsidwa ku Angelo Goveya, ndipo nyumba anamanga okha ndi zidina, amayi nkumaumba ndi kumanga. Zimbudzi za ecosan zija, zothira phulusa ndi dothi kuti chimbudzi chisanduke manyowa, ambiri anamanga pa ngongole yobweza pang'onopang'ono. Munthu amene akubwezabe ngongole ya chimbudzi salola mwana kuponyamo miyala.

Si kuti zonse zinayenda bwino ayi, ngongole zina zinavuta kutolera. Komanso nkhani ya alendi imandipweteka mutu. Walendi akakonza pakhomo, mwezi wamawa landilodi akweza lendi poti malo akongola. Nanga wina avutikirenji? Ndipo tisanamizane, ngalande yaikulu si ya makasu a amayi okha. Tinaona mu March 2023 momwe madzi ndi matope a namondwe Freddy anakokololera nyumba ku Chilobwe. Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo, yomwe imatolera msonkho m'misika tsiku ndi tsiku.

Nanga muyambire pati?

Itanani amayi a mzere wanu, a banki mkhonde ngati alipo, mupatule kathumba ka ngalande. Lembani m'buku nyumba zonse zomwe madzi amalowa, mwini wake ndani, walendi ndani, muzijambule pa foni mvula ikugwa. Malandilodi asonkhe ndalama, alendi apereke manja. Mukatapa mbali yanu, tengani bukulo kwa amfumu, kenako kwa khansala, mukapemphe lole yodzachotsa mulu wa zinyalalawo, apo ayi ubwereranso m'ngalande mvula yotsatira. Zida zisamagone kwa tcheyamani. Bukulo likadzaza mundilemberenso, pulopozo tidzalembera limodzi.