Yankho kwa alamu: za chitsulo cha mu ntchafu ndi thupi la mu kompyuta lija

Alamu, mwaswera bwanji ku Bembeke uko? Uthenga wanu uja pa gulupu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe ndi mawu, zolemba zingatalike. Mwafunsa ngati kanema amene mwana wakuonetsani pa foni, wa madokotala akuyeserera opaleshoni pa thupi la mu kompyuta, ndi woona. Mwafunsanso ngati chitsulo chimene akufuna kuwaika achimwene mu ntchafu ku chipatala cha Central sichingathyokere m'kati. Mafunso awiriwa ndi amodzi, mumvetsere bwino.

Za kanemazo ndi zoona. Amayamba ndi sikani ya CT. Makina aja amajambula mwendo m'magawo opyapyala, gawo lililonse milimita imodzi kapena kucheperapo, ngati mukudula buledi. Pa chithunzi chilichonse, kadontho kalikonse kali ndi nambala yake: madzi ndi 0, mpweya ndi 1,000 kunsi kwa ziro, khungwa lolimba la fupa limafika 1,000 n'kupitirira. Ndi manambala amenewo kompyuta imasiyanitsa fupa ndi mnofu, n'kusanjikiza magawo aja mpaka fupa lonse lituluke, loti mutha kulitembenuza mbali zonse.

Koma chimenecho chikadali chithunzi chabe. Ntchito yeniyeni ndi yotsatirayi. Fupa lija amaligawa m'tizidutswa ting'onoting'ono masauzande mazanamazana, ndipo kachidutswa kalikonse amakauza kulimba kwake. Kunja fupa ndi lolimba, kumapeto kwake m'kati muli ngati chinkhupule. Akatero amalowetsamo chitsulo cha mu kompyuta momwemo, ndi masikuluwu ake, kenako amalisenzetsa katundu. Katunduyo sachita kulota. Ku Berlin, gulu la Georg Bergmann linaika tizipangizo toyezera m'zitsulo za m'chiuno mwa odwala enieni, n'kupeza kuti munthu akamangoyenda, pamfundo ya chiuno pamagwa mphamvu yokwana pafupifupi kawiri ndi theka kulemera kwake. Akapunthwa imatha kufika kasanu ndi katatu. Ndiye munthu wa makilogalamu 70, poyenda ndi pafupifupi 175, akapunthwa 560. Kompyuta imawerengera kachidutswa kalikonse n'kupaka mitundu. Pobiriwira pali bwino, pofiira ndi pamene pakuvutika.

Pofiira kawirikawiri pamakhala pa mabowo a masikuluwu, makamaka bowo limene layandikana ndi pothyoka paja. Apa ndi pamene funso lanu lachiwiri likulowera.

Chitsulo chimatopa, alamu. Tengani waya wa pakhola. Kumukoka ndi manja simungamudule, koma mukamupinda uku ndi uku kangapo, amatentha kenako n'kuduka. Chitsulo cha mu ntchafu chimapindika pang'ono, posaoneka ndi maso, nthawi iliyonse munthu akaponda. Pa chaka mwendo umodzi umaponda kokwana miliyoni imodzi kapena ziwiri. Choncho ndi mpikisano: fupa lilumikizane chitsulo chisanatope. Fupa la ntchafu la munthu wamkulu limatenga miyezi itatu kapena inayi, nthawi zina mpaka isanu ndi umodzi. Likagwirana, limalanda katundu uja, chitsulo n'kupuma. Likapanda kugwirana, chitsulo chimasenza chokha mpaka tsiku lina chimaduka, ngakhale chikhale chodula bwanji.

Mwina mukuti, bwanji osangoika chitsulo chachikulu cholimba kwambiri? Ayi, pamenepo palinso msampha. Chitsulo chosachita dzimbiri ndi chouma kuposa fupa pafupifupi kakhumi, titanium pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Chikauma kwambiri chimatenga katundu yense, ndipo fupa likaona kuti lilibe ntchito limayamba kupyapyala. Zoti fupa limasintha malinga ndi katundu amene likusenza, dokotala wa ku Germany Julius Wolff anazilemba kale mu 1892. Komanso pothyoka pamafunika kugwedezeka pang'ono kuti fupa latsopano limere, lija limaoneka pa X-ray ngati mfundo ya pamtengo. Pang'ono ndithu. Stephan Perren wa ku Switzerland anaonetsa kuti kampata ka pothyoka paja kakamasuntha kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwake, pamamera mnofu wolimba m'malo mwa fupa. Kampata ka mamilimita 3 kasasunthe kuposa 0.3. Kupeza pakatikati pamenepo, osauma kwambiri osafewa kwambiri, ndi kumene kompyuta yathandiza zedi, chifukwa mutha kusintha kukula kwa chitsulo, kusuntha sikuluwu, n'kuyesanso maulendo zana popanda kucheka munthu.

Kuwerengera komweko kumaonetsa chifukwa chake pa fupa la ntchafu lothyoka pakati madokotala amakonda msomali kuposa puleti. Puleti imakhala pambali pa fupa, ndiye imapindika kwambiri. Msomali umadutsa m'mphako muja mukhala mafuta, pakati penipeni pamene katundu akutsikira. Kuno kwathu wodziwika ndi wa SIGN, umene anaupanga kuti uzilowa ngakhale mu fiyeta mulibe makina a X-ray oonera pamene akugwira ntchito.

Tsono ndinene poyera kuti musayembekezere zina. Pa kuthyoka kwa mtundu uwu, sapanga thupi la achimwene mu kompyuta. Amaona X-ray, kuyeza kutalika ndi kukula kwa mphako, n'kusankha msomali woyenera. Kuyeserera kwa mtundu uja kumachitika popanga chitsulo, pamodzi ndi kuchiyesa pa makina ochipinda maulendo mamiliyoni. Zopangira munthu mmodzi thupi lakelake zimachitika pa zovuta kwambiri, monga chiuno chophwanyika, nsagwada, kapena chotupa cha m'fupa.

Ndipo kompyuta imadziwa zokhazo zimene mwaiuza. Zitsulo zina za m'chiuno, zokhudzana chitsulo ndi chitsulo, zinkaoneka zabwino poyesa, koma mu 2010 mtundu wina anauchotsa pamsika chifukwa m'matupi a anthu unkaperesa tizitsulo, makamaka chikaikidwa mopendekeka. Zimene zimandidetsa nkhawa ine ndi izi: katundu amene amayesera ndi wa munthu woyenda pamalo osalala ndi kukwera masitepe. Si wa mlimi wa kachewere amene akutsika m'dimba la pamtsetse ndi thumba la makilogalamu 50 paphewa, panthaka yoterera ya dzinja la ku Dedza. Muphatikize nokha: 70 kuonjezapo 50 ndi 120, kuchulukitsa kawiri ndi theka ndi 300. Kompyuta sionanso majeremusi a pabala, sidziwa ngati munthu akusuta, pamene fodya amachedwetsa kwambiri kulumikizana kwa fupa.

Ndiye musanachoke ku Central, muwafunse adokotala kuti aika msomali kapena puleti, achimwene ayambe liti kuponda, ndipo aziponda ndi thupi lonse kapena mothandizidwa ndi ndodo. Yankho limasiyana malinga ndi momwe fupa lathyokera, ndiye mutsatire la iwowo, osati la oyandikana nawo bedi. Mufunsenso tsiku la X-ray yotsatira, ndiponso ngati mungakajambulitse pa chipatala cha boma pa Dedza pompo. Ululu ukatha msanga asanyengeke, chimene chawagwira nthawi imeneyo ndi chitsulo, fupa likadali losapsa. Khasu, njinga ndi matumba adikire kaye mpaka adokotala aone chithunzi n'kuvomera. Fodya asiye lero lomwe. Usipa, nyemba, mazira ndi mkaka zisasowe m'mbale mwawo.

Mukaona bala likutuluka mafinya, thupi latentha, katumba watupa n'kumawawa, akubanika popuma, kapena ululu wabwerera pothyoka paja utatha kale, musadikire tsiku lolembedwa m'buku lija. Mupite tsiku lomwelo. Mundijambulireko X-ray ija munditumizire, ndipo muwapatse moni achimwene.