Rogue wanga akubera anzake pa gemu ya D&D, ndimuphere karakita wake?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene ndi DM (Dungeon Master, woyendetsa nkhani ndi malamulo) wa gemu ya Dungeons & Dragons, gemu ya pa tebulo ya madayisi yomwe aliyense amasewera ngati munthu wa munkhani (karakita), amakumana ndi anzawo asanu Loweruka lililonse masana. Dzina sindilemba. Mwachidule akuti mmodzi mwa anyamatawo amasewera rogue (karakita wa luso lozemba ndi kuba) ndipo ntchito yake ndi kubera anzake a mu party (gulu la makarakita oyenda limodzi), golide, ma potion (mankhwala amatsenga akumwa), chilichonse chomwe wachiona, akamudzudzula amangoti "karakita wanga ndi wakuba, nde mmene angachitire". Wina amangokhala pa foni mpaka turn yake ifike kenako nkumafunsa kuti kodi tikumenyana ndi ndani. Mtsikana mmodzi yekha yemwe anali mgululi wasiya kubwera, masabata atatu tsopano. Funso lawo ndi loti, ndingomuphera karakita wake rogue uja kuti aphunzire?

Achimwene, musamuphere. Ndikumvetsa kuti mtima ukuwawa, inu mumakhala usiku kukonza ma map ndi zilombo kenako munthu mmodzi nkubwera kudzasokoneza zonse, koma mukamugwetsera mwala kapena kumutumizira dragon, iyeyo atenga pepala lina, mphindi makumi awiri wapanga karakita watsopano, ndipo ulendo uno abwera ndi mangawa. Amene akuvuta si rogue wa papepala uja, ndi munthu wakhala pampando uja, nde munthuyo ndi amene mukuyenera kuyankhula naye.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Tinali mkati mwa ndewu, fighter (wankhondo) wathu anagwa, ma hit point (manambala a moyo wake) zero. Wosewera cleric (wochiritsa wa gulu) anali atamaliza ma spell (matsenga) ake nde anati ndikuthamangira pomwe wagwerapo ndimumwetse potion of healing ija ndinagula 50 gold. Ine ndinali DM, ndipo ola lapitalo rogue anali atandipatsira kapepala pansi pa tebulo kuti waba potion ija, ndinamulola agubuduze dayisi, inatheka. Nde ndinayenera kumuuza cleric kuti mchikwama mulibe kanthu. Rogue anali kuseka. Fighter analephera ma death save atatu (kugubuduza dayisi koona ngati wokomoka apulumuke kapena afe), karakita amene anamusewera miyezi inayi anafa pomwepo. Mnyamata wa fighter uja sanakalipe, anangopinda character sheet yake pawiri nkuiika mthumba la malaya, gemu yonse yotsalayo anangokhala duu. Mpaka pano zimandiwawa chifukwa amene ndinalola kapepala kaja ndi ine, ndikanatha kungonena kuti ayi, pa tebulo pano sitiberana.

Mawu oti "ndi mmene karakita wanga angachitire" ali ndi yankho limodzi basi: karakitayo sanagwe kumwamba, unamupanga ndiwe. D&D inatuluka mu 1974, ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo thief, amene pano amatchedwa rogue, anawonjezedwa chaka chotsatira, 1975, kuti azitsegula maloko, kuchotsa misampha, kukwera makoma, zinthu zoti zithandize gulu. Wakuba angathe kubera mfumu, amalonda olemera, adani, koma anzake oyenda nawo nkumawateteza ndi moyo wake, ndipo karakita wotero amakoma kusewera kuposa uja wopisa mthumba mwa mnzake. Muyimbireni foni kapena mukumane awiriwiri, osati pa gulu la WhatsApp pomwe angaone ngati mukumuchititsa manyazi pagulu. Muuzeni zomwe mwaona, kuti anzake sakusangalala, ndipo kuyambira pano kuberana kapena kumenyana pakati pa osewera kuzichitika pokhapokha onse awiri agwirizana. Ambiri amamva, ena sankadziwa nkomwe kuti zikupweteka anzawo, ankaona ngati aliyense akuseka nawo. Akakana, mumuuze mwaulemu kuti gemu iyi si yake, apeze gulu lina lokonda zoberanazo.

Za wa pafoni uja, pepani achimwene, apa ndikuloza chala kwa inuyo kaye. Mu malamulo round imodzi ya ndewu ndi masekondi 6 munkhani, koma pa tebulo langa la anthu asanu kuphatikiza zilombo round imodzi yomweyo imatha kudya mphindi 15 kapena kuposa. Ndiye munthu wagubuduza d20 (dayisi ya mbali 20) kamodzi, yatuluka 4, waphonya, basi adikire kota ya ola ina kuti adzagubuduzenso. Ndani sangatulutse foni? Chimene chinandithandiza ine ndi kumatchula wotsatira, "ndi turn yako, iwe konzeka ukubwera pambuyo pake", kuwauza azigubuduza dayisi ya attack ndi ya damage nthawi imodzi, komanso ma goblin onse kuwapatsa initiative (nambala yoonetsa turn yawo pa ndewu) imodzi mmalo moti aliyense akhale ndi yake. Wa wizard naye azisankhiratu spell anzake akusewera, osati turn yafika ndi pamene akutsegula buku kuyamba kuwerenga kuti Fireball ndi 8d6 (ma d6 asanu ndi atatu, madayisi a mbali 6) kapena ndi zingati, kenako kubwereka ma d6 kwa aliyense pa tebulo. Mukakonza zimenezi foni ikapitirirabe nde mumufunse, pena munthu ali ndi wodwala kunyumba, pena gemu ya ndewu zokhazokha siimusangalatsa amafuna zocheza ndi anthu a munkhanimo.

Simunatchule koma ndikudziwa alipo kapena abwera, uja wokonda kukangana za malamulo, amene amamutcha rules lawyer. Masiku ano mikangano yachuluka chifukwa pali Player's Handbook (buku la malamulo a osewera) ya 2014 ndi ina ya 2024, zonse fifth edition koma zina zinasintha, mwachitsanzo kumwa potion of healing mu ya 2014 ndi action yathunthu (chochita chachikulu cha turn yako) pomwe mu ya 2024 ndi bonus action (kochita kakang'ono koonjezera). Gwirizanani kuti mukutsatira buku liti. Mkangano ukabuka gamulani pompo, munene kuti tiona bwino gemu ikatha, ndipo mukapezeka kuti munalakwitsa vomerani sabata yotsatira. Munthu wodziwa malamuloyo musamutenge ngati mdani, ine wanga ndimamufunsa ndekha ndikaiwala. Za metagaming, zoti wina wadziwa kale kuti troll amafa ndi moto kapena asidi pomwe karakita wake sanaonepo troll, ine sizindivuta kwenikweni, zisiyeni.

Tsopano zathu ife ma DM, chifukwa osewera nawonso akanati andilembere imelo bwenzi ali ndi zonena zambiri. Choyamba ndi kuyendetsa gemu ngati nthano. Tonse tinakula ndi padangotelo, ife nkumayankha tili tonse, wofotokoza ndi mmodzi ena ntchito yawo ndi kuvomera ndi kuyimba nawo kanyimbo. D&D si choncho. Mukakonzeratu kuti alowera pachipata ichi, akumana ndi uyu, athera apa, ndiye iwo akati tikufuna tidutse kumtsinje inu nkuti mtsinje wadzadza, akati tikwera khoma inu nkuti khoma ndi loterera, anthu amazindikira msanga kuti zosankha zawo zilibe ntchito, amangodikira muwauze pogubuduza dayisi. Imeneyo ndiye railroading ndipo imapha gemu mwakachetechete kuposa rogue wakuba uja. Konzani malo, anthu ndi zomwe mdani akufuna, njira asankhe okha, akakuwonongerani pulani sangalalani chifukwa ndiye kuti akusewera.

China ndi DM wokhala ndi karakita wakewake mu party, wamphamvu kuposa onse, wodziwa mayankho onse, amene amapha chilombo chachikulu osewera akungoonerera. Ngati party ikusowa wochiritsa apatseni munthu wothandiza koma akhale kumbuyo, ulemerero ukhale wa osewera. Nanga zosintha dayisi kuseri kwa DM screen (chotchinga chomwe DM amaika patsogolo pake), anthu amasiyana maganizo, ine ndinasiya, ndimagubuduza poyera pakati pa tebulo chifukwa akangokugwira kamodzi ngakhale natural 20 (dayisi kugwa pa 20) yako yeniyeni sadzaikhulupiriranso. Ndipo musadzipanikize kuti mufanane ndi Matthew Mercer, DM wotchuka wa gulu la Critical Role, aja anayamba kuonetsa gemu yawo pa intaneti mu 2015 ndipo onse pa tebulo lija ndi akatswiri a mawu, ndi ntchito yawo. Kusintha mawu a karakita aliyense nkwabwino koma DM kumayankhula yekha mphindi khumi, ma NPC (anthu a munkhani oseweredwa ndi DM) awiri akucheza okhaokha osewera ali phee, zimatopetsa zedi.

Koma mu imelo yanu yonse chimene chandikhudza kwambiri ndi chiganizo chimodzi chija munangochilemba modutsa, za mchemwali amene wasiya kubwera. Munthu wosokoneza mumamuona chifukwa ndi waphokoso, amene wavulala amangochoka osatsanzika, akafunsidwa amati ndatanganidwa. Mwina watanganidwadi. Koma ndaonapo kambirimbiri mtsikana akuyamba kunena pulani yake anyamata nkumudula pakamwa, kenako wina kubwereza pulani yomweyo nkumamuombera mmanja iyeyo, kapena nthabwala zolaula zokhudza karakita wake zomwe aliyense akuseka kupatula mwiniwake. DM ndi amene ali ndi mphamvu yonena kuti dikirani kaye, amayankhula ndi uyu. Pali kachida kosavuta kotchedwa X-card, anakayambitsa John Stavropoulos, ndi kapepala kolembedwa X pakati pa tebulo, wina akakakhudza nkhani imeneyo imasiyidwa popanda kumufunsa chifukwa chake. Palinso session zero, kukumana osasewera, kungokambirana kuti gemu yathu tikufuna ikhale yotani, chololedwa nchiyani choletsedwa nchiyani, ndipo ngakhale mwayamba kale palibe choletsa kuichita pakatikati.

Nde Loweruka likubwerali musakonze ndewu ina iliyonse, gulani zakumwa ndi mandasi muchite session zero imeneyo. Koma lisanafike muyimbireni mchemwali uja panokha, mumufunse mosamukakamiza ngati pali chomwe chinamukhumudwitsa, ndipo akayamba kufotokoza musayambe kuteteza anzanuwo, ingomvetserani mpaka amalize. Rogue mumuyimbire pambuyo pake, mutamva kale mbali ya mchemwaliyo. Mundilemberenso mmene ziyendere.