Kodi tipitirize kuwabisira amayi matenda awo? Yankho kwa achemwali a ku Ntcheu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, amene anandipempha kuti ndisatchule dzina lake kapena mudzi wake. Mtima wa kalatayo ndi uwu: "Amayi anga a zaka 68 anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Madokotala ku Lilongwe anatiuza ife ana kuti matendawa afalikira kale, ndipo chimene chatsala ndi kuchepetsa ululu basi. Amalume, amene ndi eni mbumba, analamula kuti tiziwauza kuti ndi chotupa wamba chimene chitha ndi mankhwala. Papita miyezi iwiri ndikunama tsiku ndi tsiku, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Kodi ilipo nthawi imene kunama kumakhala koyenera, kapena ndikuchimwa?"

Pepani kwambiri, achemwali, ndi matendawa. Funso lanu ndalisinkhasinkha masiku angapo, ndipo yankho langa ndi lakuti nthawi zotere zilipodi, koma ndi zochepa kwambiri kuposa momwe ambirife timafunira kukhulupirira, ndipo sindikuona kuti nkhani ya amayi anu ili m'gulu limenelo.

Alipo anthu anzeru amene anakana kuti bodza lingakhale loyenera nthawi ina iliyonse. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi dziko la Algeria, anaphunzitsa kuti Mkhristu sayenera kunama ngakhale pofuna kupulumutsa moyo wa munthu. M'chaka cha 1797 Immanuel Kant wa ku Germany analemba kuti ngakhale munthu wakupha atafika pakhomo panu n'kufunsa ngati mnzanu wabisala m'nyumbamo, simuyenera kumunamiza. Ndimawalemekeza chifukwa anaona chinthu chenicheni, chakuti anthu amatha kukhalira limodzi pokhapokha ngati mawu a wina ali odalirika kwa mnzake. Koma pa nkhani ya wakuphayo sindingagwirizane nawo, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri ya kwathu konkuno. Boma linaletsa a Mboni za Yehova mu 1967, ndipo mu 1972 ambiri a iwo anamenyedwa, nyumba zawo kuotchedwa, ena n'kuthawira ku Mozambique ndi ku Zambia chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Taganizirani munthu amene anabisa mnansi wake m'nkhokwe masiku amenewo, n'kuuza anyamata a zibonga kuti sanamuone. Sindingathe kumutcha wochimwa. Ngakhale m'Baibulo, anamwino awiri aja a ku Igupto, Sifra ndi Puwa, anamunamiza Farao kuti apulumutse makanda aamuna, ndipo nkhaniyo imati Mulungu anawachitira zabwino. Pamenepa wonamizidwayo ndi munthu wofuna kugwiritsa ntchito choonadi ngati mpeni, ndipo choonadicho si chake. Amayi anu si otero. Sakufuna kupweteka munthu, ndipo nkhani ikubisidwayo ndi ya thupi lawo lomwe.

Ndikuganiza kuti amalume anu sakuganiza za Farao ayi. Iwo akutsata mwambo wina umene tonse timaudziwa, wa kanenedwe ka uthenga wa maliro, ndipo mwambo umenewu ndiyenera kuunena mofatsa chifukwa inenso unandithandizapo. Bambo anga aang'ono atamwalira kumudzi ku Dedza ndinali ku Blantyre, ndipo amene anandiimbira foni anangoti matenda akula, ndinyamuke msanga. Ndinakwera basi m'mawa. Podutsa pa Balaka ndinali ndikadali ndi chiyembekezo, koma pofika pa Lizulu, amalonda a kabichi ndi mbatatesi akuthamangira m'mawindo, mtima unali utandiuza kale, chifukwa ndinakumbukira kuti woimbayo sananene chipatala chimene agonekedwa. Nditatsika n'kuona utsi ndi anthu atakhala pabwalo, sindinadzidzimuke. Sindinamukwiyirepo munthu amene anandiimbirayo, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza.

Koma taonani mmene bodza limenelo linalili. Linakhala maola ochepa chabe, kutalika kwa ulendo umodzi wa basi. Silinandilande kanthu, chifukwa panalibe chimene ndikanachita panjira kuti wakufayo adzuke. Ndipo chachikulu n'chakuti tonse timachidziwa chiyankhulo chimenechi, kotero kuti munthu wamkulu akamva zoti "matenda akula, bwerani" amayamba yekha kukonzekera mtima. N'chimodzimodzi ndi zija amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, kapena mayi wapakati amene amangoti ali ndi malungo mpaka mimba itaonekera. Kumeneku ndi kuzungulira mwaulemu kumene onse awiri, wonena ndi womva, amakudziwa. Zimene mwakhala mukuchita miyezi iwiriyi zinayamba ngati zomwezo, ndipo m'sabata yoyamba ija, inu eni muli osokonezeka, sindikanakudzudzulani. Koma bodza lanuli lilibe potsikira. Palibe tsiku limene mwakonza lakuti amayi adzauzidwe, ndipo ngati zinthu zipitirira chonchi adzapita osauzidwa.

Tsono tiyeni tione zimene bodzali likuwalanda. Mayi wa zaka 68 ku Ntcheu nthawi zambiri ndiye amadziwa malire a minda ya mbumba, amene anabwereka dimba, amene ali ndi ngongole yake ya feteleza, ndi ndalama zimene zili ku banki m'khonde. Mwina ali ndi mdzukulu wamasiye amene akufuna kumusiya m'manja mwa munthu amene iwo amamukhulupirira. Dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limapatsa munthu mphamvu yolemba wilo, koma munthu amene akuuzidwa kuti achira mwezi wamawa saona chifukwa choitanira mboni. Ndaona mabanja akusiya kulonjerana chifukwa cha munda umene mwini wake akanaugawa ndi mawu awiri akanadziwa kuti nthawi yatha. Ngati amayi ndi Akatolika, angafune kulapa ndi kulandira sakramenti la kudzoza odwala akadali ndi mphamvu zoyankhula, osati wansembe adzaitanidwe iwo atakomoka kale. Ngati pali m'bale amene anayambana naye zaka zapitazo, ufulu womuitana ndi wawo.

Palinso choopsa china chimene anthu sachiona msanga. Wodwala akauzidwa kuti ali ndi chotupa wamba, koma n'kumaona thupi likutha mankhwala akumwa, amafunafuna chifukwa china, ndipo m'midzi mwathu chifukwa chimene chimakhala pafupi ndi ufiti. Mbuzi zimayamba kugulitsidwa kuti apite kwa asing'anga ndi kwa aneneri, ndipo posakhalitsa chala chimaloza gogo wina wosalakwa wa pamudzi pomwepo. Dzina lenileni la matenda limateteza ngakhale anthu amene sakudwala. Khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene imapha amayi ambiri padziko lonse. Banja likaitchula poyera, inu ndi abale anu aakazi mumakumbukira kukayezetsa kuchipatala, ndipo atsikana amakalandira katemera amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri, komabe, n'chakuti amayi anu mwina akudziwa kale. Munthu amene anabereka ana, anadwazika anzake ndi kusambitsa maliro sapusitsika ndi nkhope za ana ake. Amaona mukutuluka panja kukayankha foni, amaona alendo akuchuluka, amamva nyimbo zimene amayi a mpingo akusankha akabwera kudzazonda. Kawirikawiri wodwala wotere amakhala chete pofuna kuteteza ana, ana nawonso ali chete pofuna kuteteza mayi, ndipo aliyense amalira payekha usiku. Munthu amene akanagwiridwa dzanja n'kunena mantha ake amatsala yekha m'nyumba yodzaza ndi abale.

Amalume anu sindikuwaweruza. Akuopa kuti mlongo wawo akamva adzataya mtima, adzasiya kudya, n'kupita msanga, ndipo mantha amenewa amachokera m'chikondi. N'zoonanso kuti alipo odwala amene safuna kumva zonse, ndipo amenewo sayenera kukakamizidwa. Kuleka kunama sikutanthauza kuti mukalowe m'chipinda mawa n'kunena kuti "amayi, mukufa". Kukutanthauza kuwabwezera mphamvu yosankha okha zimene akufuna kudziwa. Kusanena zonse ndi kunena zabodza ndi zinthu ziwiri zosiyana: mungathe kukhala chete pa zimene sanafunse, koma akakufunsani mwachindunji kuti "mwana wanga, kodi ndichira?", musayankhenso kuti inde.

Muyambe ndi amalume, osati kuwalambalala, chifukwa mukachita mwamseri mudzangosamutsa bodza kuchoka kwa amayi kupita kwa iwo. Mutenge munthu wamkulu amene iwo amamumvera, kaya ankhoswe kaya mkulu wa mpingo, mukakhale pansi, muwauze kuti inu simungathenso kunena zoti ndi chotupa wamba, ndipo muwafotokozere za minda, za mdzukulu ndi za ufiti zija. Kenako mufunse kuchipatala cha boma za anamwino osamalira odwala matenda osachiritsika, amene anaphunzira kukamba nkhani zoterezi ndi mabanja, ndipo ndi omwewo amene amathandiza kuti wodwala azilandira morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, ululu ukakula. Zimenezi zimayendanso bwino wodwala akamadziwa chifukwa chimene akumwera mankhwalawo, chifukwa sabisa ululu wake.

Tsiku lokamba ndi amayi musankhe nthawi imene ululu wachepa, pasakhale gulu, mukhale inu ndi munthu mmodzi kapena awiri amene iwo amawakonda. Muyambe ndi kufunsa, osati kuuza. Mungathe kunena kuti: "Amayi, inu mukuwaona bwanji matendawa? Adokotala anatiuza zambiri zimene sitinakuuzeni. Kodi mukufuna tikuuzeni zonse, kapena tizingokusamalirani?" Akati asiyeni, muwalemekeze, ndipo muwauze kuti tsiku limene adzafune kumva mudzawauza. Akati nenani, munene pang'onopang'ono, mutchule dzina la matendawo, kenako mukhale chete, muwasiye ayankhule kapena alire. Mwina adzakufunsani chifukwa chimene munawabisira, ndipo pamenepo mungowauza zoona, kuti munkachita mantha.