COF yatha koma galimoto ndi ya abwana: chindapusa alipire ndani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Balaka amene amayendetsa lole ya abwana awo, kutenga katundu wa m'golosale ku Limbe. Akuti anawaimitsa pa rodibuloko ina pamsewu wa M1, wapolisi atasuzumira pagalasi n'kupeza kuti COF, kapepala kosonyeza kuti galimoto inapimidwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inatha masabata awiri apitawo. Chindapusa analembera iwowo. Analipira za m'thumba mwawo kuti katundu asagone panjira, koma atafika abwana anangoti, "Wagwidwa ndiwe, si ine." Ndiye akufunsa: kodi apolisi sanalakwitse kugwira dalaivala chikhalirecho galimoto si yake? Nanga ndalama zawo zibwerera bwanji?

Achimwene, ndiyambe ndi mbali yomwe simuikonda. Wapolisiyo sanakulakwireni. Lamulo la zapamsewu, Road Traffic Act ya 1997, limaletsa kuyendetsa pamsewu wa boma galimoto yomwe mapepala ake sali m'malo. Amene wapezeka pachiwongolero ndiye woyamba kuyankha. Wapolisi ali pamsewu sangasiye ntchito n'kukasaka mwini galimoto kusitolo kwake. Amaona galasi, amaona laisensi, amaona munthu amene watsika kumpando wa dalaivala. Mukalandira makiyi n'kuliza injini, mwavomera kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda, kaya ndi ya abwana, ya amalume kapena yobwereka kwa mnzanu wa kutchalitchi.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti masabata awiri okha n'chiyani, bwenzi atangochenjeza. Apolisi ena amachitadi zimenezo, amakuuzani kuti pitani mukakonze. Koma chimenecho ndi chisoni cha munthu, si ufulu wanu woti mungaumirire. Tsiku lolembedwa pakapepala kozungulira kaja likadutsa, COF yatha basi.

Tsopano tikambe za abwana anuwo, chifukwa apa m'pamene ndikumva kuwawa. Kupititsa galimoto kukapimitsa ndi udindo wa mwini wake. Dzina lolembedwa m'kaundula wa nthambi ya Road Traffic, ija ya DRTSS, ndi lawo. Phindu la katunduyo ndi lawo. Lamulo lomwelo silisiya kunja munthu amene walola galimoto yake kutuluka ilibe mapepala. Ndiye bwana amene akudziwa kuti COF yatha, n'kutuma wantchito wake ulendo wa ku Limbe, kenako n'kukana kubweza chindapusa, wachita zinthu zopanda umunthu. Dalaivala wa lole amalandira zingati pamwezi? Ndalama yomwe kwa abwana ndi ya mafuta a tsiku limodzi, kwa inu ndi ya ufa ndi lendi.

Koma achimwene, chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri si chindapusacho. Bwererani pagalasi lomwelo muone kapepala ka inshuwalansi. Kawirikawiri bwana wozengereza pa COF amazengerezanso pa inshuwalansi, ndipo imeneyo ndiyo ingakugwetseni m'dzenje lenileni. Lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze. Taganizani mwatsika chitunda muli ndi katundu wodzaza, mabuleki akana, mwagunda wakabaza ali ndi mayi pakaliyala. Inshuwalansi itatha, palibe kampani yomwe idzalipire chipepeso. Abale a ovulalawo adzalondola inu ndi mwini galimoto, ndipo amene adzagone m'chitokosi usiku umenewo si abwana. Mlandu suwola, ungakutsateni zaka zambiri ntchitoyo mutaisiya kalekale.

N'chifukwa chake ine sindiona COF ngati msonkho wongovutitsa anthu. Kopimitsa kuja amayang'ana mabuleki, matayala, nyali, chiwongolero, zinthu zomwe zimasunga moyo wa munthu amene wakhala kutsogolo, ndiye inuyo. Galimoto ya munthu wamba imapimidwa kamodzi pachaka, pomwe minibasi zonyamula anthu zimapita pakatha miyezi 6 iliyonse. Ndipo apa ndichenjezeretu: abwana akadzati "ndapatsa mnyamata wina akonza, galimoto isavutike kupita," dziwani kuti ndi za madobadoba. Masiku ano zinthu za magalimoto zimasungidwa pakompyuta kudzera mu MalTIS, moti kapepala kachinyengo kakhoza kudziwika, ndipo mlandu wake ndi wolemera kuposa wa COF yakutha. Ngakhale kataoneka kenikeni, lole yomwe sinapimidwe mabuleki ake ndi omwe aja.

Pa za apolisi, sindingabise kuti madandaulo a madalaivala ali ndi maziko. Aliyense amene amayenda pamsewu anaonapo kondakitala akutsika mothamanga, dzanja atafumbata, kupita kuseri kwa minibasi, n'kubwerako mosachedwa galimoto n'kumapitirira. Zimenezi ndi zomwe zachititsa kuti anthu aziona ngati pa rodibuloko ndi pamsika. Choipa chake n'choti galimoto yakufa imapitirira ulendo, ndipo mawa idzalipiranso pena, mpaka tsiku lomwe idzaphe anthu. M'kalata yanu mwanena kuti anakupatsani lisiti la boma. Mwachita bwino kwambiri. Opereka ndi olandira ziphuphu onse amapalamula pansi pa Corrupt Practices Act, ndipo kuli bungwe la ACB lomwe limalandira madandaulo otere. Komanso munthu akaona kuti akumunamizira mlandu, ali ndi ufulu wokana kulipira pamsewu n'kupempha kuti nkhani ipite kukhoti. Kwa inu njira imeneyo sikanathandiza, poti COF inathadi.

Lisitilo ndiye chida chanu tsopano. Lijambuleni pafoni, lenileni musunge kunyumba. Pezani nthawi yomwe abwana ali okha, osati pamaso pa makasitomala kapena antchito anzanu, muwaonetse tsiku lomwe COF inatha ndi tsiku la lisitilo, muwapemphe mwaulemu kuti akubwezereni. Anthu ambiri amauma mutu akakhala pagulu koma amafewa mukakhala awiriwiri. Ngati pali munthu wamkulu amene anakupezerani ntchitoyo, mutengeni akhale mkhalapakati. Zikakanika, kapena akayamba kukudulani malipiro pa zifukwa ngati zimenezi, pitani ku ofesi ya zaantchito ya m'boma lanu mukafotokoze, lisiti lili m'manja.

Kutsogoloku, lembani masiku othera COF, inshuwalansi ndi laisensi yanu m'kabuku kamene mumalembamo za mafuta. Kukatsala mwezi umodzi, akumbutseni abwana pa WhatsApp osati pakamwa pokha, kuti uthengawo utsale ngati umboni. Ndikudziwa kuti kukana ulendo n'kovuta, ntchito zikusowa ndipo pali anyamata ambiri a laisensi amene akudikira mpando wanuwo. Sindingakuuzeni kuti mutaye ntchito chifukwa cha COF ya masabata awiri. Koma tsiku lomwe mudzapeze kuti inshuwalansi yatha, kapena mabuleki akuchita kupopa kawiri kuti agwire, bwezani makiyi muwauze abwana kuti lole ituluka ikakonzedwa.