Yankho kwa mayi wa ku Kasungu amene akufuna mwana

Achemwali, mwafunsa kuti mungadziwe bwanji masiku otengera pathupi poti msambo wanu umasinthasintha, mwezi wina masiku 28, wina 32. Kalendala yokha ikupusitsani. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe, choncho pa mwezi wa masiku 32 ndi cha pa tsiku la 18, osati la 14 monga ambiri amanenera.

Ine ndimadalira chikazi. Mukangomaliza kusamba kumakhala kouma, kenako chimabwera chomata, choyera ngati phala. Chikasintha n'kukhala chamadzimadzi, choterera ndi chonanda ngati therere, chotambasuka pakati pa zala osaduka, nthawi ndi imeneyo. Yang'anani tsiku lililonse, manja osamba, ndipo muzilemba m'kope. Tsiku lotsatira mutagona ndi abambo chingakusokonezeni, chifukwa umuna nawo umaterera.

Musadikire tsiku limodzi lokha. Umuna umatha kukhala wamoyo masiku 5 m'chikazi choterechi, pomwe dzira silipitirira maola 24. Muzikumana tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi chikangoyamba kuterera. Ngati abambo amakagonera kumsika wa fodya ku Chinkhoma, akonzeretu ulendo wawo, nkhaniyi ndi ya awiri.

Ngati munali pa jakisoni wolera wa Depo, thupi limachedwa kubwerera mwakale, ena mpaka chaka. Chikazi chonunkha, chachikasu kapena choyabwa ndi matenda, thamangirani kuchipatala. Chaka chikatha popanda kanthu, kapena miyezi 6 ngati mwapitirira zaka 35, mupite nonse kuchipatala cha boma cha Kasungu, abambo nawonso akayezedwe.