Geni ya agalu odutsa boda: akuluakulu kapena ang'onoang'ono?

Achemwali, mwafunsa zoti geni yobweretsa ana agalu kuchokera kunja imayenda bwanji, komanso ngati bola kuyamba ndi agalu akuluakulu kapena tating'onoting'ono tija. Ndikuyankhani mmene ndaonera ineyo pamsewu, poti ndayenda nawo zaka ndithu.

Galu si katundu ngati nsapato woti mwaoda mwaponya mchikwama basi mukatsegula pofika. Ameneyu ndi katundu wopuma, amamva ludzu, amatenthedwa, amachita mantha, ndipo akadwala panjira mpamba wanu wadwala naye limodzi. Nde ine sindigula galu ndisanapeze mwini wake. Kasitomala ayambe wanena mtundu womwe akufuna, apereke dipoziti, kenako ndikasake kwa oweta tsidya linalo. Ndikafika ndimafuna kuona make wa kagaluko ndi maso angawa, ndione pomwe amagona, ndione khadi la katemera ndi tsiku lomwe anamwa mankhwala a njoka zammimba. Woweta amene akukana kukuonetsani make, akuti tikumane pamsewu ndikupatsireni pagalimoto, musiyeni ngakhale atsitse mtengo bwanji. Komanso kagalu kosakwana masabata 8 sikachotsedwa kwa make, olo akukakamizeni.

Mapepala ndi omwe amagwetsa ambiri. Pamafunika chilolezo cholowetsera chiweto kuchokera kwa a vetenale a dziko lomwe galu akupita, chimenechi mutengeretu musananyamuke osati mukafika pa boda muziyamba kuyimba mafoni. Pamafunikanso satifiketi ya umoyo yochokera kwa dotolo wa ziweto wa boma komwe galu akuchokera, ndipo imeneyi imatha mphamvu pakangopita masiku ochepa nde muyitenge ulendo utayandikira. Ngati mukudutsa dziko lina pakati funsaninso za chilolezo chodutsira. Chachikulu pa zonse ndi katemera wa chiwewe. Kawirikawiri amabaya kagalu katakwana masabata 12, kenako pamafunika kudikira kuti agwire ntchito mthupi, mwachitsanzo ku UK amafuna padutse masiku 21, kutanthauza kuti kagalu kosakwana masabata 15 sikangalowe. Mayiko ambiri amafunanso microchip, kachipangizo kakang'ono kolowetsa pansi pa khungu chakumapewa komwe kamakhala ndi manambala 15, ndipo manambalawo afanane ndi omwe alembedwa pamapepala onse. Mitundu ina mayiko ena anailetseratu, Denmark inaletsa Boerboel mu 2010, UK inaletsa pit bull mu 1991, choncho dziko lililonse mufufuze malamulo ake panokha. Zozembetsa galu mkatoni pansi pa mpando ine ayi, chiwewe chimapha anthu ndipo chikayamba kuonekera pa munthu palibenso mankhwala.

Tsopano pa funso lanu lija. Makasitomala a agalu akuluakulu ndi a ang'onoang'ono ndi anthu awiri osiyana. Wofuna German Shepherd, Rottweiler kapena Boerboel nthawi zambiri akufuna mlonda, akufuna munthu akaima pageti aganize kawiri. Wofuna Maltese, Yorkshire terrier kapena Chihuahua akufuna mnzake wokhala naye mnyumba, mwina malo ndi ochepa, mwina ndi munthu wachikulire yemwe sangalimbane ndi galu wokoka tcheni. Vuto ndi loti onse awiriwa amasankha ndi maso, aona chithunzi pafoni mtima wagwa pomwepo, ndiye ntchito yowauza zoona imatsalira inu wogulitsa.

Galu wamkulu akakhala mwana amakoma mmaso, miyendo ikuluikulu, munthu amaiwala zoti Boerboel wamwamuna akakula amatha kudutsa makilo 60. Ameneyo adye tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka amayendera sikelo, galu akamalemera ndalama ikukweranso. Amakula mpaka chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, thupi lalikulu nzeru zikadali za mwana, ndipo ngati simunamuphunzitse ali wamng'ono kuyenda pa lamba ndi kumva mukamuitana, pa miyezi 10 amakhala wakuposani mphamvu kale. Apa mpamene anthu amatopa naye nkumumangirira pamtengo usana ndi usiku, ndipo galu wokhalira tcheni ndi amene amadzaluma mwana. Zimenezi zimandiwawa kwambiri chifukwa ndimakhala ndamunyamula ndekha ulendo wonse. Akuluakuluwa amavutikanso ndi mafupa a mchiuno, nchifukwa chake oweta enieni amajambula makolo ake X-ray asanawakweretse, komanso pali vuto lija lotupa mimba nkupotokola lomwe limapha galu mmaola ochepa, makamaka a chifuwa chakuya ngati Great Dane. Moyo wawonso ndi waufupi, Great Dane amakhala zaka 7 mpaka 10 basi.

Ang'onoang'ono amadya pang'ono ndipo amakhalitsa, Chihuahua yemwe salemera kuposa makilo 3 amatha kufika zaka 15, nde womugula adziwe kuti akutenga udindo wa nthawi yaitali. Koma musanamizidwe kuti kuchepa ndi kufatsa. Jack Russell anapangidwa ku England kuti azisaka nkhandwe, mphamvu zake sizitha, mukamutsekera mnyumba tsiku lonse mupeza wang'amba mipando ndipo aneba akudandaula phokoso. Mano awo amaola msanga poti kamwa ndi kakang'ono, ena mawondo amaguluka, a ubweya wautali ngati Maltese amafuna kupesa pafupipafupi. Ndipo pakhomo pa ana ang'onoang'ono kagalu ka makilo awiri kakhoza kuthyoka mwendo kungogwa mmanja. Mbali ya ulonda tiagalu tating'onoti anthu amatinyoza, koma timamva msanga ndipo timadzutsa nyumba yonse, kwa ambiri chomwe amafunikira ndi chimenecho.

Pamsewu kusiyana kwake kumaonekera bwino. Kheji iyenera kukhala yoti galu aimirire, atembenuke ndi kugona momasuka, lamulo la IATA, bungwe la makampani a ndege padziko lonse, limatero pa ndege ndipo ine ndimalitsata olo pagalimoto. Mwana wa Rottweiler pomwe mapepala akutha amakhala wakula kale moti kheji yake imadya malo a tiagalu tiwiri kapena titatu, ndipo pa ndege amawerengera kukula kwa khejiyo osati kulemera kokha. Koma iye ndi wolimba, amapirira ulendo. Tating'onoti malo sitidya koma ndi tosachedwa kufooka, shuga amatsika mthupi tikakhala maola ambiri osadya, mungoona kagalu kalefuka kakunjenjemera. Muzitipatsa chakudya pang'onopang'ono pafupipafupi ndipo muziyenda ndi glucose wopaka mu nkhama. A mphuno zophwatalala ngati pug ndi bulldog ndiye amabanika kukatentha, makampani ambiri a ndege amawakana kunsi kwa ndege komwe kumakhala katundu, ine ndimayenda nawo usiku kapena mmamawa basi. Mankhwala ogonetsa musawapatse, madotolo amaletsa chifukwa amasokoneza kapumidwe.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ndikuyamba kumene. Tinachedwa pa boda pamzere, dzuwa likuswa, ndinamva chisoni nkutsitsa tiagalu tiwiri pansi kuti tiongole miyendo pamalo pomwe agalu oyendayenda amadutsa. Sabata isanathe tiagalu tonse tiwiri tinayamba kusanza ndi kutsegula mmimba magazi, dotolo anati ndi parvo, kachilombo komwe kamakhala mdothi miyezi yambiri. Kamodzi kanachira kamodzi kanafa, kanali ka mayi wina yemwe anadikira miyezi iwiri ndipo anali atagula kale mbale ndi pogona. Ndalama ndinabweza, koma kumuimbira foni ija sindidzaiwala. Kuyambira pamenepo kagalu kosamaliza katemera sikaponda pansi panjira, ndimayala manyuzipepala mukheji nkumasintha.

Kumbali ya kapezekedwe, galu wamkulu amatha kuswa ana 8 kapena 10 pomwe wamng'ono amaswa atatu kapena anayi, mwinanso osakwana, nde ang'onoang'ono abwino amavuta kupeza ndipo kasitomala mumuuziretu kuti adikira. Bere lokha ndi masiku pafupifupi 63, muonjezepo masabata a katemera aja. Mukamva wina akutsatsa teacup, eti kagalu kokwana mkapu, thawani, nthawi zambiri ndi tiana tofooka kapena tochotsedwa msanga kwa make.

Ineyo mtima wanga uli pa akuluakulu, pakhomo ndili ndi German Shepherd ndipo sindingamusinthe ndi china. Koma inu poti mukuyamba ndingati yambani ndi ang'ono olimba ngati Jack Russell, awiri okha paulendo, mpaka muzolowere mapepala ndi msewu. Akuluakulu mudzawayambe mukadzakhala ndi galimoto yodalirika komanso mtima wotha kukana kasitomala. Ine ndisanalandire dipoziti ndimafunsa kuti mpanda ulipo, pakhomo pali ana a zaka zingati, masana galu azitsala ndi ndani, landilodi akudziwa, munawetapo galu. Wina anafuna Boerboel akukhala mchipinda cha lendi chopanda bwalo, ndinamukana, anakwiya nkupita kwina, ndipo mpaka lero ndimaganizira komwe galu amene anamugulayo ali.

Mukapeza kasitomala woyamba ndiuzeni mtundu womwe akufuna ndi dziko lomwe mukatenge, tione limodzi tsiku lomwe kagaluko kanabadwa nkuwerengera masabata, kenako mupite kwa a vetenale musanalipire woweta olo kakobidi.